Mboni Yabwino Ndi Imene Idaona

Achimwene anga adamaliza maphunziro a uinjiniya wa migodi zaka ziwiri zapitazo, koma mpaka lero akugulitsa simenti m'sitolo ya amalume. Pafupifupi ntchito iliyonse imene amaiona m'nyuzipepala imafuna kuti wofunsira atumize mayina a anthu atatu omudziwa pa ntchito, amene angamuchitire umboni. Tsiku lina adandipatsa makalata awo atatu a umboni, nati, "Poti iwe umaphunzira za chilankhulo, taona ngati Chingerezi chake chili bwino." Chingerezicho chidalibe vuto. Vuto lidali pa zimene makalatawo ankanena.

Kalata yoyamba idachokera kwa abusa, yachiwiri kwa bwana wina wa m'boma, mnzawo wa bambo athu. Onse awiri adalemba kuti achimwene ndi olimbikira, aulemu ndiponso ochokera m'banja labwino. Mawu amenewa ndi oona, koma mungathe kufufuta dzina la achimwene n'kulembapo langa, kalatayo osasintha tanthauzo. Yachitatu idalembedwa ndi mphunzitsi amene adawayang'anira pa kafukufuku wa chaka chomaliza. Iye yekha ndiye adatchula zinthu zogwirika: kuti adayeza khoma la kwale ina, adapeza mbali imene ikadagumuka nthawi ya dzinja, ndipo adabwereza mawerengero awo atauzidwa kuti alakwitsa. Ndidawauza kuti, "Achimwene, muli ndi mboni imodzi yokha. Enawa ndi okufunirani zabwino chabe."

Maganizo anga ndi akuti kalata ya umboni tayisandutsa kalata ya chibale. Pabwalo la mfumu, mboni ndi munthu amene adaona ndi maso ake. Akaimirira munthu n'kuyamba kutamanda mtundu wa woimbidwa mlandu, nduna zimamukhazika pansi. Koma pofunsira ntchito timathamangira kwa munthu wa dzina lalikulu, ngakhale sadationepo titavala chipewa cha kumgodi. Timaganiza kuti chidindo chake ndicho chidzatsegule chitseko.

Ena amati kufuna mboni ndi njira yotsekera kunja ana a anthu osauka, choncho kuthetsedwe. Ine sindikuvomereza. Injiniya wa migodi ndiye amalamula kuchuluka kwa zophulitsira miyala, kukula kwa mizati yochirikiza denga la pansi pa nthaka, njira ya mpweya, ndi mmene damu la zinyalala za mgodi limangidwire. Akalakwitsa, ena amalipira ndi moyo. Mu 1970 ku Mufulira m'dziko la Zambia, matope a zinyalala za mgodi adaboola n'kulowa pansi pomwe anthu ankagwira ntchito, ndipo anthu 89 adafa. Satifiketi imangonena kuti munthu adakhoza mayeso. Sinena ngati angaimitse ntchito ataona mng'alu, pamene bwana akufuna matani a tsikulo akwane. Zimenezo angazinene ndi munthu amene adagwira naye ntchito basi.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi mboni zoterozo wachinyamata wa ku Malawi azipeza kuti? Agogo athu ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ngati anthu okumba, osati mainjiniya. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009, n'kuimitsidwa mu 2014 mitengo itatsika, ndipo udayambanso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Pa zaka zapakatizo, sukulu ya Polytechnic, imene tsopano ndi MUBAS, inkaphunzitsa mainjiniya a migodi, koma malo oti ayeserepo manja adali ochepa: migodi ya malasha ngati wa Mchenga ku Rumphi, makwale ndi makampani a simenti. Mwana amene sadaloledwe kugwira khasu simungamufunse kuti akuonetseni munda umene adalima.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti udindo suli pa wofunsira yekha. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kudapezeka rutile ndi graphite, ndipo ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill m'boma la Phalombe kuli miyala ya rare earth. Masomphenya a Malawi 2063 amaika migodi ngati gawo lofunika la nsanamira ya chitukuko cha mafakitale. Ngati ndi choncho, boma likamapereka chilolezo cha mgodi liziikamo chiwerengero cha ophunzira amene kampani izilandira chaka chilichonse, ndipo aliyense azikhala pansi pa injiniya wodziwika amene adzamulembere lipoti pomaliza. Kampani imene ikufuna mboni ithandizenso kupanga mbonizo.

Olemba makalata nawonso asinthe kalembedwe. Atchule nthawi imene adamudziwa munthuyo, ntchito imene adamupatsa, ndi zimene adachita zinthu zitavuta. Ngati sadamuonepo pa ntchito, kukana mwaulemu ndi chifundo choposa kulemba mawu okoma opanda kanthu. Wofunsira naye azipempha kaye chilolezo asadalembe dzina la munthu, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati mboni yoyankha foni kuti, "Ndani ameneyo?"

Achimwene adachotsa makalata awiri aja. M'malo mwake adapita kukapeza kapitawo wa pa kwale pomwe adachitira kafukufuku, munthu wopanda digiri amene adayenda nawo pafumbi miyezi itatu. Kalata yake ndi yaifupi ndipo Chingerezi chake n'chopunduka, koma chiganizo chilichonse chikunena chinthu chimene adaona. Mboni yachitatu sadaipezebe, ndipo simenti akugulitsabe.