Loko wa foni payekha sateteza ndalama zanu

Mu Novembala 2022, Google inakonza vuto la Android lomwe katswiri wa ku Hungary, David Schütz, anapeza pa mafoni a Pixel. Wakuba ankatha kuikamo SIM yake, kulakwitsa PIN katatu, kulemba PUK, foni n'kutseguka ngati ndi mwini wake.

Izi zikukhudza ife a ku Chifunde, komwe alimi a fodya ndi amalonda a ku Cassacatiza amasungitsa ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola. Vuto lotere limatsekedwa ndi update, koma mafoni akale ambiri salandiranso update. Choncho onani mu Definições tsiku la update yomaliza, ndipo PIN ya ndalama musailembe m'foni.