Nsapato za Mwana Si za Lamulungu Lokha

Fodya akagulitsidwa ku Kanengo, mtedza ndi soya zikachoka m'munda, pamsika wa Msundwe pamadzaza makolo ozungulira milu ya nsapato za kaunjika. Ambiri amakhala atanyamula kamtengo kapena kaudzu kamene anayezera phazi la mwana, pakuti mwiniwakeyo watsala kumudzi ndi agogo ake. Amatembenuza mulu wonse kufunafuna inzake ya nsapato imene aikonda, nanenerera mtengo mpaka kukhosi kuuma. Pofika kunyumba nsapato ija ipezeka yothina, kapena yaikulu kotero kuti mwana angoikhwekhwereza. Kubweza nkovuta, chifukwa wogulitsa kaunjika kawirikawiri salandiranso katundu wotuluka. Ngakhale imene yakwana bwino, pakapita miyezi inayi yachepa.

Dandaulo la makolo nlomveka. Nsapato zambiri zichokera kunja kwa dziko, ndipo Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inakwera pamodzi ndi ya feteleza ndi sopo. Banja la ana anayi likhoza kufunsa ngati nkwanzeru kutaya ndalama pa chinthu chimene sichimaliza ndi chaka chomwe. Mwa ichi mabanja ambiri a ku Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma achita chimodzi mwa ziwiri: ena aleka kugula, ena agula nsapato zokongola za mtengo wapatali nazitsekera m'sutukesi kudikira Lamulungu, ukwati kapena Khirisimasi.

Njira zonse ziwirizi zimsiya mwana pa ngozi imodzimodzi. Nsapato ya mwana wa kumudzi ndi chida cha ukhondo monga sopo ndi masikito. Ntchito yake ili panjira ya kuchimbudzi, kudimba ndi kuseri kwa khola, kumene kuli matenda. M'tchalitchi, pa simenti yosesedwa, phazi silikumana ndi choopsa.

Mdani amene alowera kuphazi

Pali mtundu wa njoka za m'mimba umene madokotala autcha hookworm. Njoka zimenezi nzazing'ono, kutalika kwake pafupifupi sentimita imodzi, koma zimaluma khoma la matumbo ndi kuyamwa magazi usana ndi usiku. Yaikazi imaikira mazira zikwizikwi tsiku lililonse, ndipo mazirawo amatuluka ndi chimbudzi. Munthu akadzithandiza kutchire, mazira amaswa pakapita tsiku limodzi kapena awiri m'dothi lonyowa ndi lofunda. Pakatha masiku 5 mpaka 10 timphutsi tosaoneka ndi maso timakhala tokonzeka, ndipo tikhoza kudikira m'dothimo masabata atatu kapena anayi.

Mwana akaponda pamenepo ndi phazi lopanda kanthu, timphutsi timaboola khungu, makamaka pakati pa zala. Timayenda ndi magazi kufikira m'mapapo, timakwera kukhosi, mwana natimeza osadziwa, ndipo timakakhwimira m'matumbo. Chizindikiro choyamba ndi kuyabwa pang'ono kuphazi, chimene palibe kholo lichisamala. Zotsatira zake zimadza mochedwa: magazi achepa, m'zikope ndi m'manja muyera, mwana atopa msanga, sikelo yake ileka kukwera, ndipo m'kalasi angosinza. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, ndiyo yokomera timphutsiti. Ndiyonso nyengo imene makolo amabisa nsapato kuopa kuti matope angaziwononge.

M'chilimwe mumabwera mdani wina, thekenya. Kautitiri kameneka kanafika mu Africa kuchokera ku South America m'zaka za m'ma 1800, ndipo kamakonda fumbi la m'nyumba zosazira ndi malo ogona nkhumba ndi agalu. Lalikazi limalowa pansi pa chikhadabo kapena pakati pa zala, nilitupa ndi mazira kufikira kukula ngati njere ya nandolo. Kulichotsa ndi munga kapena phini wadzimbiri kumasiya bala limene likhoza kuchita mafinya, ndipo bala lotere ndi khomo la kafumbata. Pamwamba pa izi pali minga, misomali, magalasi osweka ndi makala a moto wa pabwalo, zimene azaumoyo amaziona mabala ake tsiku ndi tsiku.

"Makolo athu ankayenda opanda nsapato"

Mawu awa amamveka kawirikawiri, ndipo ndi oona. Koma ndi oonanso kuti ambiri mwa makolo aja anakula ndi kuchepa kwa magazi kumene kunalibe dzina, ndipo kufooka kwa mwana kunkanenedwa kuti ndi ulesi kapena ufiti. Zoterezi zinachitika ngakhale ku America. Kumwera kwa dzikolo anthu osauka a kumidzi ankanyozedwa kuti ndi aulesi, kufikira mu 1909 pamene John D. Rockefeller anapereka madola miliyoni imodzi kuti matenda a hookworm athetsedwe. Ana a sukulu atapimidwa, pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse anapezeka ndi njokazi. Ntchito yolimbana nazo inatsamira pa zinthu zitatu: mankhwala, zimbudzi ndi nsapato.

Zitatuzi ziyenera kuyendera pamodzi kuno kwathunso. Mapiritsi a albendazole amene ana amalandira kusikelo ndi kusukulu amapha njoka zimene zili kale m'mimba, koma satchinga phazi mawa lake. Mwana womwa mankhwala lero nabwerera ku dothi lomwelo ali chimapazi adzatenganso njoka zina miyezi ingapo isanathe. Nsapato nayonso ili ndi malire ake. Siteteza ku njoka zolowera pakamwa ndi manja osasamba, ndiponso siteteza ku likodzo limene mwana alitenga posewera m'madzi a kudambo. Chimbudzi chokhala ndi chotsekera, chogwiritsidwa ntchito ndi aliyense pakhomo, ndicho chidula matenda pamuzu. Chimbudzi cha khanda nacho chiyenera kutayidwa m'dzenje momwemo, osati kuseri kwa nyumba. Koma kufikira mudzi wonse utaleka kupita kutchire, phazi la mwana lifunika chotchinga.

Kugula mwanzeru

Ndalama zambiri zimatayika chifukwa cha kagulidwe. Khanda limene silinayambe kuyenda silifuna nsapato konse, ndipo ndalama imeneyo ikhoza kuthandiza mkulu wake amene ayenda ulendo wa kusukulu. Mwana wophunzira kuyenda amalimba bwino mapazi akamayenda wopanda nsapato pamphasa kapena m'nyumba yozira ndi yosesa. Nsapato ifunika pamene ayamba kutuluka pabwalo.

Phazi la mwana wamng'ono nlofewa, pakuti mafupa ake sanakhwime. Pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu limakula msanga kotero kuti nsapato imachepa pakapita miyezi itatu kapena inayi. Mwana wotere sadziwa kunena kuti nsapato yamthina. Amangoivula, kapena kulira akamavekedwa, kholo niliyesa mwano. Nsapato yothina imapinda zala, imachititsa matuza ndi kulowetsa chikhadabo m'mnofu. Yaikulu kwambiri, yogulidwa ndi mawu akuti adzakuliramo, imamgwetsa ndi kumsupula chidendene, ndipo pamene phazi lifika poikwana imakhala itang'ambika kale.

Njira yabwino koposa ndi kupita naye mwana kumsika. Ayese nsapato zonse ziwiri ataimirira, chifukwa phazi limatambasuka likasenza thupi, ndipo kawirikawiri phazi limodzi limaposa linzake pang'ono. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato patsale malo okwana kupingasa kwa chala chachikulu cha kudzanja. Ngati mwana sangathe kupita, kamtengo sikakwanira, popeza kamangonena kutalika osanena kufufuma. Aimirire pa katoni, kholo lilembe mozungulira mapazi onse awiri ndi pensulo kapena khala, lidule chithunzicho, ndipo kumsika lichilowetse m'nsapato. Chikapindika m'mphepete, nsapatoyo njochepa.

Nsapato ya kaunjika si yoipa, malinga ikhale yosadyeka mbali imodzi kuchidendene, yopanda msomali kapena msoko wokanda m'kati. Ichapidwe ndi sopo ndi kuumitsidwa padzuwa isanavalidwe. Chimodzimodzi nsapato yosiyirana pakati pa mkulu ndi mng'ono wake. Yotseka zala ndiyo iteteza kwambiri, koma nsapato ya pulasitiki yomanga kuchidendene, ngakhale nkhwayira yodulidwa ku tayala, iposa phazi lopanda kanthu. Patapata amavuka mwana akathamanga, kotero ndi bwino kumumangira kachingwe kumbuyo. Pulasitiki imasunga thukuta, chotero mapazi asambitsidwe ndi sopo madzulo aliwonse ndi kupukutidwa bwino pakati pa zala. Nthawi yomweyo ndiyo yofufuza matekenya ndi mabala. M'mawa nsapato ikutumulidwe, pakuti zinkhanira zimakonda kugonamo.

Ndalama yogulira peyala imodzi ya Lamulungu kawirikawiri ikhoza kuveka ana awiri nsapato wamba za tsiku ndi tsiku. Nsapato yotha ndi kuvala yagwira ntchito yake. Yochepa ili m'sutukesi ndiyo ndalama yotayika zedi, ndipo yoyenera kudandaulidwa.

Nkhani imeneyi si ya amayi okha. Ndalama za fodya ndi soya kawirikawiri zimafikira m'manja mwa abambo, ndipo mwezi umene ndalamazo zibwera ndiwo woyenera kuwerengera nsapato za ana pamodzi ndi mbewu ndi feteleza. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo m'midzi, amene alimbikitsa kale kukumba zimbudzi, awonjezepo mawu awa pamisonkhano yawo. Ndipo kholo limene laona mwana wake ali woyera m'maso, wotupa mapazi kapena wokhala ndi matekenya ambiri lisadikire tsiku la msika. Lipite naye kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, kuchipatala cha Kabudula, cha St Gabriel ku Namitete, kapena china chilichonse chapafupi, kuti akamupime magazi ndi kumpatsa mankhwala.