Palibe Mwana wa Mutu Wouma

Tileke kunena ana kuti "mutu wouma". Mnyamata amene timamunyoza kusukulu, yemweyo pa Kulamba ku Mkaika amaimba ng'oma osaphonya. Anaidziŵa bwanji? Pobweleza tsiku ndi tsiku.

Ubongo uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Polumikizana maselo, pamene akatswili amati synapse, pamalimba pakamagwila nchito kaŵilikaŵili, monga kanjila ka kucitsime. Eric Kandel anaonetsa zimenezi pa nkhono ya m'nyanja, nalandila mphoto ya Nobel mu 2000.

Nanga mwana wogona usiku kwambili, wopita kusukulu ndi njala, womva phunzilo kamodzi cabe, akaiŵala mlandu ngwa ndani? Tulo ndito timakhazikitsa zimene waphunzila masana. Makolo ndi aphunzitsi, tiyeni timupatse phala, tulo ndi mpata wobweleza. Cikoti cikhale pansi.