KUTOLA ZINYALALA SI MANYAZI

M'caka ca 2016 bambo wina wa ku Sweden, dzina lace Erik Ahlström, anaipidwa ndi kuculuka kwa zinyalala m'miseu ndi m'mabwalo opumulirako a mumzinda wa Stockholm. Iye sanalembe kalata yodandaula kwa akulu a mzinda ai. Anaitana anzace amene amakonda kuthamanga, nawapempha kuti yense atenge thumba ndi magolovesi, ndipo kuti pothamanga aziwerama ndi kutola ciri conse cotayidwa m'njira. Mcitidwe umenewu anaucha plogging, dzina locokera ku mau awiri a ciSwedish otanthauza kutola ndi kuthamanga. Pofika 2018 unali utafalikira m'maiko ambiri, ndipo magulu otere amakumana pa tsiku lopangana, kulimbitsa matupi ndi kusiya malo ali oyera.

Munthu wa kumudzi pakumva izi akhoza kuseka, ndipo kuseka kwaceko nkomveka. Mlimi wa ku Chadiza amene walawirira m'mbandakuca ndi khasu paphewa safunika kuthamanga kuti atulutse thukuta. Mai amene asenza mtsuko kucokera kudambo, nasinja cimanga ndi kuwaza nkhuni, walimbitsa kale thupi lace kopambana wothamanga wa m'tauni. Kuthamangako ndi mankhwala a anthu okhala pampando tsiku lathunthu m'maofesi. Koma akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'nkhani ya ku Sweden muli kalumo kamodzi koyenera kulandira: anthu aulemu wao, ophunzira ndi a nchito zapamwamba, akuwerama poyera kutola zinyalala zimene sanataye iwo, popanda malipiro ndiponso popanda wowalamula.

Apa ndi pamene dziko la Zambia likali kutsalira. Ambiri asesa pakhomo pao bwino lomwe, koma cinyalala cikangodutsa mpanda amati ndi ca Boma. Pamsika, pa siteshoni ya basi, pabwalo la mpira ndi m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupyola Petauke ndi Katete kufika ku Chipata, mabotolo ndi mapulasitiki angoti mbwee, ndipo munthu wobvala bwino aona ngati kutolapo limodzi ndiko kudzicotsera ulemu.

Boma silinakhale cete pa nkhaniyi. M'caka ca 2007 Mtsogoleri wa dziko, a Levy Mwanawasa, anakhazikitsa cilinganizo ca Keep Zambia Clean and Healthy, ndipo mu 2018 a Edgar Lungu anacidzutsanso. M'caka comweco panakhazikitsidwa lamulo loletsa timatumba ta pulasitiki topyapyala kwambiri. Koma mbiri ionetsa kuti anthu amagwira tsache mwamphamvu pokhapokha maliro atayamba. Matenda a kolera atabuka mu Lusaka mu October 2017, Boma linacita kutumiza asilikari kukayeretsa miseu ndi misika. Nthendayo inabweranso mu October 2023, niipha anthu oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kufikira mu February 2024. Nzomvetsa cisoni kuti bwalo lomangidwira acinyamata othamanga linadzala ndi mabedi a odwala.

Kolera imadza mwa kumwa madzi kapena kudya cakudya coipitsidwa ndi cimbudzi ca munthu wodwala. Nanga zinyalala zilowapo bwanji? Mapulasitiki ndi mabotolo amatseka mifolo. Mvula ikagwa madzi amasowa kopita, nasefukira m'makomboni monga Kanyama, nalowa m'zimbudzi zokumba, ndipo zonyansazo zimatsikira m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo. Botolo limene munthu aponya pa windo la basi m'cirimwe ndilo lidzatseka mfolo m'dzinja.

Anthu a kumidzi asaganize kuti bvuto limeneli ndi la m'matauni mokha. Kale zinyalala za pamudzi zinali makoko a nshawa, zitsononkho, phulusa ndi masamba, zimene zinali kuola padzala ndi kusanduka manyowa. Pulasitiki siola. Ikhala m'nthaka zaka zambirimbiri, ndipo khasu liitukula caka ndi caka iri cikhalire. Ng'ombe kapena mbuzi ikaimeza, imaunjikana m'cifu, ciweto nkuyamba kuonda kufikira kufa, mwini wace nkumaganizira anzace ufiti. Zitini ndi mabotolo zosunga madzi a mvula ndizo moswera udzudzu, ndipo utsi wa pulasitiki yotenthedwa uononga zifuwa, makamaka za ana.

Cimene cipatsa mphamvu magulu a plogging ndi zinthu ziwiri: amagwira nchito pamodzi, ndipo ali ndi tsiku lodziwika. Zonsezi si zacilendo kwa Acewa, Ansenga ndi Angoni, amene adziwa kulima dima ndi kulambula njira ya kumanda kapena ya kucitsime mudzi wonse pamodzi. Dziko la Rwanda linatenga mwambo wotere, wochedwa Umuganda, niliuika pa Ciweru comariza ca mwezi uli wonse, ndipo mzinda wa Kigali umachuka cifukwa ca ukhondo. Kusiyana kwace nkwakuti ku Rwanda ndi lamulo, pamene othamanga a ku Sweden amacita mwa kufuna kwao. Cimene munthu acita mokakamizidwa amaleka kapitao akatembenuka, koma cimene wadzisankhira yekha cimakhalitsa.

Mudzi uli wonse uli nao kale magulu okhoza kuyamba. Timu ya mpira ingathe kuzungulira bwalo ndi msika ndi masaka isanayambe kuseweretsa mpira. Atsikana a netball, makalabu a amai, acinyamata a m'mipingo ndi ana a sukulu pamodzi ndi aphunzitsi ao angasankhe m'mawa umodzi pa mlungu. Pamene mfumu, mphunzitsi wamkulu ndi khansala awerama poyamba, palibe mnyamata amene adzacita manyazi. Otola abvale magolovesi kapena agwiritse nchito kamtengo, ana asakhudze magalasi osweka ngakhale majekeseni otayidwa, ndipo onse asambe m'manja ndi sopo pomariza.

Komabe kudzipereka kwa anthu sikucotsa udindo wa makhonsolo. Amene atolera msonkho pamsika ayenera kuikapo migolo ya zinyalala ndi kutumiza galimoto yodzazicotsa pa nthawi yace. Gulu limene latola masaka khumi, nkuwapeza ali pomwepo patapita milungu iwiri agalu atawang'amba, silidzabweranso. Mutu umodzi susenza denga: wotola, wonyamula ndi wogulitsa zakumwa za m'mabotolo yense ali ndi mbali yace.

Phindu lalikulu la nchito imeneyi lioneka mwa wotolayo. Munthu amene wawerama kambirimbiri m'mawa umodzi kutola mabotolo a anzace, msana nkuwawa, sadzaponyanso lace pansi, ndipo mwana amene wamuona adzakula adziwa kuti msika ndi mseu ndi pakhomo pace pomwe. Masaka alipo, manja alipo, ndipo mvula isanagwe mifolo ifunika kukhala yotseguka. Mudzi wanzeru sudikira asilikari.