Wofatsa, womvera, wopirira: kodi mawu okomawa akutumikira ndani?

Amayi ndi atsikana anzanga, lero tikambirane za mawu oyamikira. Otukwana aja tiwasiye kaye, chifukwa munthu akakutukwana umadziwa pompo kuti wakunyoza. Amene akundidetsa nkhawa ine ndi mawu okoma, amene timawalandira tikumwetulira mpaka kuthokoza.

Pitani ku chilangizo chilichonse kuno ku Chiputula, kaya ku bridal shower ku Katoto kapena ku Luwinga. Mtsikana akamatamandidwa kuti ndi wakhalidwe, mumva mawu atatu omwewo: ndi wofatsa, ndi womvera, ndi wopirira. Ndiye mvetserani mmene timayamikirira mchimwene wake wa bere limodzi: ndi wanzeru, ndi wochangamuka, ndi wolimba mtima, ameneyu adzakhala bwana. Ana a nyumba imodzi, odyera mbale imodzi, koma wina tikumukonzekeretsa kutsogolera, winayo kukhala chete.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana amathamangira kumene akuwomberedwa m'manja. Ngati kuyambira ali ku nazale mtsikana amangoyamikiridwa akakhala duu, pofika Fomu 4 amakhala ataphunzira kuti munthu wabwino ndi amene sayankha, safunsa, sakana. Kenako ifeyo timadabwa kuti n'chifukwa chiyani sananene msanga pamene zinthu zinkamuipira.

Mawu atatuwa si oipa ayi. Vuto ndi mmene tawapotozera.

Tiyambe ndi kupirira. Mayi amene amadzuka 4 koloko m'bandakucha, m'chisanu cha June cha kuno ku Mzuzu, kukapikula tomato ndi masamba kuti akagulitse ku Zigwagwa, ameneyo ndi wopirira. Mtsikana amene walephera MSCE n'kubwereza mpaka kukhoza, ameneyonso ndi wopirira. Kupirira kotere kumakhala ndi kopita. Koma mawu omwewa ndi amene timauza mayi amene wathawira kwa makolo ake diso litatupa: bwererani, banja ndi kupirira. M'Chitumbuka timati kuzizipizga, ndipo malowolo akakhala kuti adaperekedwa kale, mawuwa amalemera kwambiri. Ena amafika ponena kuti kumenya ndi mankhwala a banja. Anzanga, dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006. Lamulo likuti kumenyedwa ndi nkhani yopita nayo kukhoti, ife alangizi tikuti kukhala chete ndi khalidwe. Mayi uja amvera ndani? Nthawi zambiri amamvera ife, chifukwa ndife amene timakumana naye pa mpopi tsiku ndi tsiku.

Kumvera nakonso. Kumvera makolo ndi aphunzitsi n'kwabwino, palibe akutsutsa. Koma kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Ambiri mwa atsikana otere sanali opulupudza. Anali ana omvera, amene atauzidwa kuti sukulu basi, mwamuna wapezeka, adagwada n'kuvomera. Mu February 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti pasakhalenso ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomereza. Koma lamulo limafuna kuti wina alankhule. Mwana amene sitidamuphunzitse mawu oti "ayi" adzalankhula bwanji?

Nanga kufatsa? Ku banki m'khonde zimachitika. Mayi akuona ndithu kuti masamu a m'buku sakugwirizana ndi ndalama za m'bokosi, koma akuopa kufunsa, kuti angamunene kuti ndi wolongolola. Pofika December pogawana, gulu lonse likulira. Kuntchito nakonso, mtsikana bwana akumugwiragwira, iye akungomwetulira mwamantha poti adaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa. Chikhalirecho lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limanena momveka kuti khalidwe lotere ndi mlandu.

Tsono mtsikana akangotuluka mu mpanda wa mawu atatuwa, ena amakhala akumudikira panja: wamwano, wodzimva, wamatama, wosalangizidwa. Akalowa ndale kapena bizinesi yake ikayamba kuyenda, limabwera lija lalikulu, loti hule. Mwamuna akamalankhula mosaopa timati ndi mtsogoleri. Mkazi akachita chimodzimodzi timati alibe mwambo.

Tulutsani K200 m'chikwama mwanu muione. Nkhope imene ili pamenepo ndi ya mayi Rose Chibambo, obadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba mu 1928. M'zaka za m'ma 1950 iwo adasonkhanitsa amayi kuti alimbane ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1959 atsamunda adawamanga atangobereka kumene, ndipo adalowa m'ndende ya Zomba ndi khanda m'manja. Mu 1964, nduna zitasemphana ndi Dr Banda, mayiwa adachotsedwa pa udindo, kenako adathawira ku Zambia komwe adakhala zaka pafupifupi 30. Masiku amenewo anthu otsutsana ndi boma ankatchedwa zigawenga. Lero mayi yemweyo ali pa ndalama yathu, ndipo atamwalira mu 2016 adaikidwa m'manda a ngwazi konkuno ku Mzuzu. Akadakhala wofatsa ndi womvera m'njira imene timalangizira ana athu, bwenzi lero tikuwadziwa?

Mayi Joyce Banda adanyozedwa poyera kuti ndi mayi wogulitsa mandasi chabe. Iwo sadachite nazo manyazi, ndipo mu April 2012 adakhala pulezidenti woyamba wamkazi m'dziko muno. Amene amakonda mwambi woti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo adaonanso mayi Catherine Gotani Hara a ku Mzimba akukhala sipikala woyamba wamkazi wa Nyumba ya Malamulo mu 2019. Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, adakulira m'dziko limene mtsikana wosewera mpira wamiyendo amanenedwa kuti ndi wachimuna. Mu 2024 adamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya amayi ya ku America, akusewera Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa. Timawanyadira anthuwa akafika pamwamba, koma makhalidwe amene adawafikitsa pamenepo ndi omwewo amene timawadzudzula mwa ana athu kunyumba.

Ndiye tichite chiyani? Ine ndikuti tiwonjezere mawu m'kamwa mwathu. Chichewa ndi Chitumbuka zili nawo kale, sitikufunika kukabwereka kwina.

Loyamba ndi kulimba mtima, kapena kuti chikanga. Mwana wanu wamkazi akabwera kudzakuuzani kuti amalume ena akumulankhula zosayenera, mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale oti "walimba mtima mwanangu, wachita bwino kundiuza." Mafunso abwere pambuyo. Akalandiridwa ndi "iwe unkatani kumeneko?", tsiku lina sadzanenanso.

Lachiwiri ndi kudzilemekeza. Timaphunzitsa atsikana kulemekeza aliyense, apongozi, alamu, abusa, alendo, n'kuiwala kuwauza kuti iwonso ndi anthu oyenera ulemu. Wodzilemekeza amadziwa kuti thupi lake ndi lake, nthawi yake ndi yake, ndipo salola kugulidwa ndi bandulo ya intaneti kapena lifiti ya galimoto.

Lachitatu ndi chidwi. Mwana wofunsafunsa timamuti wavuta. Tiyeni tizimuti ali ndi chidwi. Ameneyo ndi amene adzawerenge pepala la ngongole asanasaine, ndi kufunsa kuti chiwongoladzanja ndi chingati pamwezi.

Lachinayi ndi kudzidalira. Sindikunena kudzikuza kapena kukana thandizo, poti mutu umodzi susenza denga. Ndikunena mayi wodziwa kuti pa foni yake pali ndalama zingati, nambala yachinsinsi akuidziwa yekha, ndipo mapepala a poloti akudziwa pamene ali ndi dzina limene lalembedwapo.

Lachisanu ndi kukana. Tilibe chizolowezi choyamikira munthu wokana, koma tiyambe. Mtsikana wakana ukwati kuti amalize sukulu, mayi wakana kubisa mlandu wa mwana wogwiriridwa ngakhale wolakwayo ndi wachibale, amenewa tiwatchule kuti ndi anthu okhazikika maganizo, oima pa chilungamo.

Ndipo mawu atatu aja tisawataye, tiwagawe mofanana. Anyamata athu akufunika kumva kuti kufatsa ndi ulemerero, kuti mwamuna wodziletsa, wachifundo, womvera mkazi wake akamalankhula, ndi mwamuna weniweni. M'malo mowauza kuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, tiwayamikire akatsuka mbale, akapepesa, akasunga lonjezo. Kupirira kukakhala katundu wa munthu mmodzi m'nyumba, winayo ndiye kuti akungokwera pamsana.

Ndikudziwa amayi athu ena aziti, ana a masiku ano mwapita ku yunivesite ndiye mukufuna kuphunzitsa atsikana mwano. Amayi, ndi ulemu wonse, mwano ndi kunyoza munthu. Kunena kuti "zimenezi sindikugwirizana nazo" mutagwada, mawu ali pansi, si mwano. Inu nomwe mumadziwa anzanu amene adapirira mpaka tidakawaperekeza kumanda, ndipo pamaliro tinkanong'onezana kuti akadachoka msanga. Chilangizo sitikuchikana. Tikupempha kuti pa mndandanda wa malangizo muwonjezerepo kuti akamenyedwa apite kuti, auze ndani, ndipo kuti pakhomo pa makolo ake mpotsegula.

Ena aziti mawu sadyedwa, mawu salipira fizi. Zoonadi. Mawu olimbikitsa amene timaika pa status ya WhatsApp m'mawa uliwonse sangatsitse mtengo wa ufa, ndipo kuuza mayi wosauka kuti angoganiza zabwino basi ndi chipongwe. Mavuto a amayi akufuna sukulu, mpamba, malo, apolisi ogwira ntchito ndi makhoti osachedwetsa milandu. Koma taganizani, ofesi ya Victim Support Unit ilipo kupolisi, nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ilipo. Chimene chimamulepheretsa munthu kufika kumeneko kawirikawiri si mtunda, ndi mantha oti anthu anditcha chiyani. Dzina limene tidzamupatse akabwerako, kaya "woulula za m'nyumba" kaya "wolimba mtima", ndi limene limamuyendetsa kapena kumubweza panjira. Ndipo dzinalo lili m'manja mwathu, silidikira bajeti ya boma.

Pempho langa ndi laling'ono. Sabata ino, mvetserani mmene mukuyamikirira mwana wamkazi amene muli naye pafupi, kaya ndi wanu, wa achemwali anu, kaya wantchito wa pakhomo panu. Werengani kuti ndi kangati mwamuyamikira chifukwa chokhala chete kapena kugwira ntchito osadandaula, ndipo ndi kangati mwamuyamikira chifukwa cha nzeru zake, funso lake kapena kukana kwake. Mukamuyamikira, tchulani chimene wachita: "wafunsa funso lanzeru", "waima pa chilungamo", "wadziteteza bwino". Mawu oti "ndiwe mwana wabwino" okha samuuza kuti ubwinowo uli pati.

Inu amene mwaitanidwa kukalankhula ku bridal shower mwezi uno, konzekerani bwino. Za kuphika ndi kusamala alendo adzanena ena, sizisowa wonena. Inu mukapatsidwa maikolofoni, muuzeni mkwatibwiyo pamaso pa apongozi ake kuti ndi munthu wanzeru, kuti mawu ake ali ndi malo m'nyumba imene akupitayo, ndipo kuti tsiku limene adzafune thandizo, ife amayi a ku Chiputula tidzamulandira popanda kumufunsa kuti bwanji sunapirire.