Musakagule RAM laputopu itatsala kunyumba

Anzathu oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pa Mbulumbuzi, Namitambo ndi pa boma la Chiradzulu, laputopu ikayamba kuchedwa amathamangira ku Limbe kukagula RAM yowonjezera. Ine ndikuti ulendowo ndi wotaya ndalama ngati makinawo mwawasiya kunyumba.

RAM ili mitundumitundu. Ya DDR3 ili ndi timano 204, ya DDR4 timano 260, ndipo kampata kake kali posiyana, moti singalowe ngakhale muikankhe bwanji. Msampha weniweni uli pa DDR3 ndi DDR3L. Zonse zimalowa malo amodzi, koma yoyambayo imafuna magetsi a 1.5V pomwe inayo 1.35V. Laputopu yofuna DDR3L mukaipatsa DDR3 wamba ikhoza kukana kuyaka, makasitomala ali chiimire pakhomo. Werengani kapepala komatidwa pa RAM yakaleyo: palembedwa PC3 kapena PC3L. Malaputopu ena opyapyala RAM yake inawotcheredwa m'kati, mulibe powonjezera.

Kusakaniza za liwiro losiyana nthawi zambiri kumatheka, kungoti zonse zimatsatira yochedwayo.

Kwerani nayo minibasi laputopuyo. Wogulitsa aike RAM inu mukuona, makina ayake ndi kuonetsa kukula komwe mwagwirizana, kenako mutulutse ndalama. Akakana kuyesa, lowani shopu ina.