Foni ndi mthenga chabe, moni ndi wa m'manja

Adzukulu anga, pali mchitidwe umene ndikuutsutsa poyera. Bullets ikamasewera ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, munthu amaika chithunzi chake pa Facebook. Mnzake amene anasiyana naye kusukulu zaka 20 zapitazo amachiona ali m'bwalo lomwelo, nalemba kuti, "Nanenso ndili pompano." Nkhani n'kuthera pomwepo! Aliyense amabwerera kwawo osagwirana chanza.

Kodi kumeneku n'kukumana? Ayi ndithu. Facebook, imene inayamba m'chaka cha 2004, ine sindidana nayo. Ntchito yake ndi ya mthenga, kukuuzani kumene mnzanu ali. Koma mthenga salonjera mlendo m'malo mwa mwini khomo.

Malonje athu ndi aatali chifukwa ali ndi ntchito. Timafunsana za kumudzi, za ana, ndi za amene anatisiya. Mwina mnzanuyo anaika mayi ake chaka chatha, inu osamva. Kodi maliro amapepesedwa ndi kachithunzi ka chala?

Makolo ankati mapiri okha ndiwo sakumana. Inu sindinu phiri. Mpira ukatha, mudikireni pachipata. Ngakhale iye avale zabuluu inu zofiira, mpatseni moni wa m'manja, mumufunse za kwawo.